Nkhoko Zanga Anapatsa Yokasta

Anzanga, Wilkin ndinamudziwira pa kalesitilanti ka azakhali ake, kuseri kwa siteji ya basi kuno ku San Cristóbal. Masana aliwonse ndinkapita kukamugulira mwana wanga Dariana mpunga, nyemba ndi nkhuku akaweruka kusukulu. Iye ankadya, ine ndinkangogwira botolo la madzi.

Tsiku lina Wilkin, wophika wa pamenepo, anaima patebulo pathu, thaulo lili paphewa.

"Asisi, chakudya changa chinakulakwirani chiyani? Mwana akunyambita zala, inu mukungowerenga ntchentche."

"Ndadya kale kunyumba."

"Bodza," anatero Dariana, mpunga uli m'kamwa. "Mami sadya. Amangoti akhuta."

Manyazi anandigwira. Chichokereni bambo ake a mwanayu, amene ananditsanzika ndi mawu oti mimba inandiwonongera thupi, chakudya chinasanduka mdani wanga. Ndikaona mbale, pakhosi pankatseka. Si kuti sindinkafuna kukhala bwino. Ndinkangolephera.

Wilkin sanandiseke. Analowa kukhitchini n'kutuluka ndi kambale kabuluu, kobenthuka m'mphepete, muli concón, nkhoko za mpunga zija zapansi pa poto, atazithira msuzi wa nyemba.

"Mukudziwa nokha, nkhoko zimapita kwa amene wophika amamukonda. Mukazikana, azakhali andiseka mpaka Khirisimasi. Supuni imodzi yokha."

Ndinadya supuniyo. Inavuta kutsika, koma inatsika. Dariana anawomba m'manja.

Kuyambira pamenepo kambale kabuluu kanali kanga. Wilkin ankakhala nane n'kumandibwebwetera za mpira, osayang'ana kuti ndadya zingati. Ndi iye anandiperekeza kuchipatala, kumene ndinapeza gulu la amayi odwala ngati ine, lotsogoleredwa ndi Doña Fior. Ndinamuuza zonse zimene sindinauzepo munthu. Ndinamukonda mpaka ndinapusa.

Ndiye panali Yokasta, mwini saluni ya tsidya la msewu.

Mkazi uja ndinayamba kumuchitira nsanje asanandilakwire n'komwe. Ankadya moseka, kukhadzula nkhuku ndi manja, mafuta ali mbuu pamilomo, osaopa diso la munthu. Chimene ine ndinkalimbana nacho ngati phiri, iye ankachichita akucheza pafoni.

"Wilkin iwe, onjezera!" ankakuwa choncho. "Ine sinditaya thukuta la wophika ngati anthu ena."

Wilkin ankaseka mpaka kugwira m'mimba, ine mtima ukuwira.

"Bwanji amakuzolowera choncho?" ndinamufunsa.

"Ndi kasitomala basi, Yaniris. Nsanje yakoyi imadya kuposa mwini wake."

Posakhalitsa nkhoko zinayamba kusowa. Lero zapserera, mawa azakhali atengera alendo... Ndinkangoti chabwino, koma maso anga anali pasaluni.

Loweruka lina ndinapita ndi Dariana kukamulukitsa tsitsi, ndipo sindibisa, ndinasankha saluni ya Yokasta mwadala. Ndinamupeza atakhala pakhomo, kambale kabuluu kali pamiyendo, akukokota.

"Lowani, mayi a Dariana," anatero akundilozetsa supuni. "Mulaweko? Kapena pakhosi patseka?"

Amayi amene anali mkatimo anaseka. Mawu amenewo, akuti pakhosi patseka, kunja kwa gulu lathu ndinauza munthu mmodzi yekha padziko lapansi.

Ndinawoloka msewu n'kulowa mpaka kukhitchini.

"Nkhoko zanga wapatsa Yokasta, matenda anganso wamupatsa?"

Sanakane, anzanga. Anangopukuta manja.

"Ndatopa, Yaniris. Ndimaphika ndi mtima wonse, iwe n'kumangotembenuza ndi supuni. Uja amadya n'kundithokoza."

Ndinatuluka ndikukoka mwana wanga, tsitsi losaluka.

Masiku otsatira ndinabwerera kumene ndinachokera. Ndinkamuphikira Dariana, ine n'kukhala pambali ndi foni, kuyang'ana zithunzi za Yokasta. Ndinkakulitsa chithunzi chilichonse kufuna kuona ngati kambale kaja kakuoneka. Ndinkakhuta nsanje yokhayokha.

Ndiye masana ena Dariana anakankha mbale yake, n'kutenga botolo langa la madzi, kuligwira ndendende mmene ndimaligwirira.

"Ndakhuta, Mami."

"Sunadye kanthu iwe."

"Inunso simunadye. Ndikufuna kukhala ngati inu."

Ndinaika foni pansi. Ine ndili kalikiliki kulondera mwamuna woti wapita kale, mwana wanga anali kundilondera ine.

Ndinamuimbira Doña Fior ndikulira.

"Mwana wanga, kodi unkadyera Wilkin?" anandifunsa. "Tereka poto. Ndikhala pafoni mpaka mpunga upse, ndipo Lachinayi ndikufuna ndikuone pagulu."

Ndinaphika mpunga, ndinausiya pamoto wochepa kuti ugwire pansi. Nkhoko zinatuluka zakuda mbali imodzi, sindine Wilkin ine. Ndinazikokota zonse n'kumuikira Dariana.

"Zonsezi zanga?"

"Zako. Zimapita kwa amene wophika amamukonda."

Anaziyang'ana, anandiyang'ana ine, kenako anazithyola pakati.

"Ndiye mawa ndiphika ine, kuti izi zikhale zanu. Yambani ndinu."

Ndinayamba ine. Zinali zowawa, misozi inali kugwera m'mbale, koma ndinameza, ndipo iye anamaliza mpunga wake wonse.

Sindinachire, anzanga, masiku ena pakhosi pamatsekabe. Nsanjenso sinathe, ndikamva kuseka kwa Yokasta ndimadutsa msewu wina. Koma bala lanu musamuonetse munthu chifukwa choti wakupatsani chakudya chokoma. Ine ndinamuonetsa, ndipo anakalisekera kusaluni.

Kambale kabuluu kaja kadakali kwa Yokasta. Ine ndimadyera m'mbale yapulasitiki ya Dariana, ndipo supuni yoyamba imakhala yanga, iye akuyang'ana.