Temu Imene Tinaphunzira Nyemba Kanayi

Ndisanayambe ndikufuna mudziwe mboni zanga, pakuti pali anthu ena amati ine ndimathira mchere wambiri. Woyamba ndi Mabvuto, amene tinkakhala naye benchi imodzi. Masiku ano amayendetsa malole opita kunja ndipo foni yake siigwira. Wachiwiri ndi mayi anga, amene anatisiya kale. Wachitatu ndi tambala wa a hedi, amene ankaona zonse ali pawindo la kalasi, koma iyeyu anadyedwa pa Khirisimasi ya chaka chomwecho. Onse atatu akanakuuzani kuti sindinawonjezerepo ngakhale kambewu kamodzi.

Chimene chimandifikira poyamba ndi fungo la nyemba zonyowa zikuwola m'thonje. Kalasi yathu ya Giredi 6 ku Kasanda inanunkha choncho nyengo yonse yozizira ya chaka chimene mgodi unatsekedwa. Fungolo linkasakanikirana ndi fumbi lotuwa lochokera pa mulu wa zotsalira za mgodi, limene mphepo ya mu Julaye inkatithira m'maso ndi m'mano. Milomo inkang'ambika, miyendo inkatuwa ngati tagona paphulusa. Saileni ya pamgodi, imene inkadzutsa komboni yonse, inali itasiya kulira. Kunali zii moti tinkamva sitima ili ku siteshoni ikuganiza ngati inyamuke kapena ayi.

Atate anali atapita ku Lusaka kukafuna ntchito. Ananyamula chikwama chimodzi ndi jekete la ku tchalitchi, nasiya nsapato zawo za pamgodi kuseri kwa chitseko. Loweruka lililonse lole inkaima pakhomo pa wina mu mzere wathu, anthu n'kukweza mabedi, mbaula ndi nkhuku, ulendo wa ku Chipata, ku Mansa, ku Petauke. Lolemba m'kalasi mumapezeka benchi ina yopanda mwini. Mpira wathu wa mapepala unasowa oumenya. Masana ena ndinkakhala ine goloboyi, ine yemweyo womenya, ndipo ndikulumbira kuti tsiku lina ndinagonja.

Mayi anali atanena kale maganizo awo. Temu ikatha, iwo ndi ana aang'ono abwerera kumudzi ku Katete, kumene sukulu inali kutsidya kwa mitsinje iwiri ndipo amalume ankafuna wowetera ng'ombe. Koma azakhali anga a Filomena, mlongo wawo wa atate, amene ankagwira ntchito mu ofesi ya njanji n'kumakhala ku Highridge, mbali ina ya tauni yathu, anati angathe kundisunga ngati sukulu ya masisitere ya kufupi ndi kwawo ingandilandire. Kumeneko sankalandira mwana popanda mayeso. Choncho nkhani inali yapafupi: ndikakhoza nditsala pa sukulu, ndikalephera ndikadziwana ndi ng'ombe.

Tsono aphunzitsi nawonso anali anthu a mabanja a pamgodi, ndipo malole sankawasiya. Temu inayamba ndi a Banda. Anatsegula buku la sayansi pa tsamba loyamba natiuza kuti aliyense abweretse chitini, thonje ndi nyemba zitatu, tione mmene mbewu imamerera. Pa masamu anayamba ndi maseti, ndiko kuti kuika zinthu zofanana m'gulu limodzi n'kuzizinga ndi mzere. Nyemba zitangotulutsa muzu, a Banda anakwera lole. Kunabwera mayi Mwansa, amene anatiyang'ana ngati katundu wogula kwa munthu wosamudziwa. Mabvuto anakweza dzanja nawauza mwaulemu kuti nyemba tinachita kale.

"Munachita na ndani?" anafunsa. "Va ba Banda ine siniviziba. Mailo aliyense abwere na chitini."

Mawa lake tonse tinabwera ndi zitini. Tinaleredwa kuti wamkulu akalankhula kawiri, mwana amatseka pakamwa. Mayi Mwansa atatsata amuna awo ku Ndola, kunabwera mnyamata wina wophunzira uphunzitsi, wa tayi yofiira. Iyeyu anali atakonzekera phunziro limodzi lokha ku koleji kwawo, ndipo simungavutike kulota kuti linali lotani. Atachoka, a hedi enieniwo analowa m'kalasi atanyamula chitini chawo m'manja, akumwetulira ngati atibweretsera chinthu chochokera kunja.

Aliyense mwa anayiwa anali mphunzitsi wabwino, sindikunyoza. Koma palibe anasiyira mnzake mawu a pamene walekezera, ndipo palibe anakhulupirira kuti amene anachokayo anaphunzitsadi kanthu. Aliyense ankamanga maziko ake pamwamba pa maziko a mnzake. Ife tinangokhala akatswiri. Ine nyemba ndinkaidziwa kuposa mmene inkadzidziwira yokha. Ndinkatha kuijambula nditatsinzina, ndi dzanja lamanzere, khungu lake, kabowo kake, muzu ndi mphukira. Pawindo zitini zinachuluka mpaka dzuwa linkachita kupempha njira. Nyemba za a Banda zinakwera kufika kudenga, ndipo mwana wina wamfupi dzina lake Chanda analowa m'menemo kukatola pensulo, sitinamuonenso. Ena amati banja lake linasamukira ku Kapiri sabata imeneyo. Ine ndikungonena zimene ndinaona.

Kunyumba mayi anayamba kubisa nyemba m'sutikesi. "Ndiwo tilibe, iwe uli kudyetsa sukulu," anatero. Ulendo wachinayi ndinachita kuzula ya m'chitini chakale n'kuibwezera m'thonje latsopano, ndipo a hedi anandiyamikira kuti yanga yamera msanga.

Maseti nawo tinawazinga kanayi. Tsiku lina a hedi anafunsa chitsanzo cha seti yopanda kanthu. Ankayembekeza yankho la m'buku, la agalu a miyendo isanu. Mabvuto anaimirira nati, "Seti ya ana a mu kalasi ino amene atate awo ali pa nchito." Palibe anaseka. A hedi anayang'ana choko chawo, nati ndi zoona, khala pansi. Loweruka lotsatira lole inaima kwa a Mabvuto. Anandisiyira chitini chake kuti ndizichithirira, ndipo benchi yonse inakhala yanga.

Tsiku la mayeso azakhali ananditenga m'mawa, atandidzoza mafuta mpaka ntchentche zinkaterereka. Ku Highridge kunali mitengo ya mithunzi, mipanda ya maluwa ndi agalu onenepa odya kawiri. Sisitere wamkulu, mayi wa ku Chadiza wa magalasi okhuthala, anandikhazika ndekha m'chipinda chonunkha polishi nandipatsa pepala. Ndinayang'ana funso loyamba: manambala awiri, ina pamwamba pa inzake, pakati kamzere, ngati anthu ogona pa bedi yosanjikiza. Lachiwiri linkafuna njira imene magazi amayenda kuchokera mu mtima. Lachitatu linali mapu opanda mayina, akuti ndisonyeze Kafue. Ndinatembenuza pepala kufuna nyemba. Munalibe. Ndinamva wotchi ya pakhoma, ndinamva azakhali akutsokomola pakhonde, ndinamvanso ng'ombe za amalume zikulira ku Katete, ngakhale kuti ndi kutali. Pomaliza ndinajambula nyemba kuseri kwa pepalalo, yaikulu bwino, ndi mayina a ziwalo zake zonse, kuti asaganize kuti ndine wopanda pake.

Sisitere anaiyang'ana nyembayo mosamala. Sanaseke ndipo sanakalipe. Anakhala pambali panga nayamba kundifunsa chobwerera m'mbuyo, ngati munthu wofufuza pamene anagwetsa singano. Kugawa manambala aakulu? Ayi. Aang'ono? Pang'ono. Kuchulukitsa? Inde. Anapitiriza choncho pa sayansi ndi pa za dziko, mpaka anapeza malire a zimene ndinkadziwa. Kenaka anaitana azakhali.

"Mwana uyu mutu ali nawo," anatero. "Koma msewu wake unathera mu Giredi 5. Ndikamuika mu 6 adzangokhala mlendo. Ngati mufuna, ayambire pamene unathera."

Azakhali anachita manyazi, chifukwa anali atauza anzawo a ku ofesi kuti mwana wa mlongo wawo ndi wanzeru. Madzulo anakafotokozera mayi, amene anali pakati pa kumanga katundu. Mayi anamanga mfundo ya chitenje, naimanganso, osandiyang'ana. "Atsale," anatero. Mawa lake ndinawaperekeza ku basi. Mlongo wanga wamng'ono anandibayibitsa pawindo mpaka fumbi linatseka.

Mu Giredi 5 ndinali wamtali kuposa onse. Mawondo anga ankanyamula desiki, ndipo ana ankanditchula kuti ba Shikulu, ndiko kuti agogo. Pa nthawi yopuma ndinkadya mbatata yanga ndekha kuseri kwa thanki ya madzi. Kwa azakhali ndinkagona m'chipinda chosungiramo katundu, pakati pa mashini osokera ndi matumba a makala, ndipo m'nyumbamo munali ukhondo woti munthu umaopa kupuma.

Koma mphunzitsi wathu, a Tembo, munthu wosaseka ndi wa mawu ogonetsa, anali ndi khalidwe limene ndinali ndisanalionepo. Lolemba ankayambira pamene analekezera Lachisanu. Tinaphunzira madzi, kenaka mitambo ndi mvula. Mvula inatitengera ku mitsinje, ndipo Kafue ndinamupeza pamene anali nthawi yonseyi. Mitsinje inatitengera ku madzi olowa pansi, madziwo ku miyala, miyala ku mtovu ndi zina zokumbidwa. Chilichonse chinkagwira dzanja la chinzake. Pamene kutentha kunkayamba, a Tembo anajambula dzenje lakuya pabolodi, nafotokoza kuti mgodi uli ngati chitsime chimene anthu akukana kuti chikhale chitsime: mapampu akaleka, madzi amabwerera kwawo.

Atate ankagwira ntchito ya mapampu. Zaka zonsezo ndinkangodziwa kuti amapita pansi n'kubwera atanyowa. Ndinakhala pa desiki yaing'onoyo ndikuona madzi akukwera pang'onopang'ono mumdima, m'njira zimene atate ankayendamo, pansi pa nyumba yathu yakale, pansi pa bwalo la mpira. Ndinazindikira kuti a pamgodi sadzawaitananso. Ndinafuna kuuza wina, koma amene ndinali naye pafupi anali kamwana kodya rabala.

Nthawi imeneyo ndinkati Sisitere anandibera chaka, ndipo ndinamusungira mkwiyo mpaka ndevu zitamera. Ndinkaganiza kuti kudziwa ndi kukhala ndi yankho lokonzeka, ndipo yankho ndinali nalo, lokongola, lojambulidwa kanayi. Lero ndikaona mwana wanga akudandaula kuti aphunzitsi ake salola kudumpha mutu, ndimangoti pitiriza. Chaka chija amene anandibera si Sisitere. Chinapita pa malole, pang'onopang'ono, ndipo Sisitere uja anali munthu woyamba m'tauni yonse kukhala pansi n'kufunsa kuti mwanayu anamusiya pati.