Wometa ndi Masheya a Simenti

Anthu ankangowatchula kuti a Lumo, ndipo ngakhale akazi awo akapsa mtima ankawaitana choncho. Anayamba kumeta ali mnyamata, pansi pa mtengo pafupi ndi pokwerera mabasi, ndi sizasi yobwereka ndi kagalasi kong'aluka. Pamene imvi zinkayamba kutuluka n'kuti ali ndi chipinda cha lendi: mipando iwiri, benchi ya odikira, makina ometera, ndi galasi lalikulu limene ankalipukuta m'mawa uliwonse ndi nyuzipepala yakale. Sankamwa, sankasuta. Kangachepe kalikonse kotsala ankasunga.

Nkhani ya masheya inabwera ndi kalaliki wina wa ku banki amene ankameta ndevu pamenepo.

"Ndalama yongogona imadyedwa ndi chiswe, bambo," anatero kalalikiyo. "Gulani masheya a kampani ya simenti. Kodi anthu adzasiya liti kumanga?"

A Lumo anasinkhasinkha, kenako anatenga thukuta lawo lonse la zaka zambiri n'kukagula. Mtengo unakweradi. Unakweranso. Basi munthu wofatsa uja anasanduka mlaliki. Aliyense wokhala pampando ankamva za simenti, afune asafune, poti wometedwa sathawa mutu uli theka. Dalaivala wa takisi anagula. Mphunzitsi wa pasukulu yapafupi anagula. Telala wa khomo loyandikana nawo anagula, ndipo masana ankabwera kudzasuzumira pafoni ya a Lumo kuti aone manambala obiriwira osonyeza kuti mtengo wakwera.

"Ine pamutu ndimadula, m'thumba ndimameretsa," ankanyada a Lumo, benchi yonse n'kufa nako kuseka.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina manambala aja anafiira. Mawa lake anafiirabe. Pawailesi ankati si simenti yokha, msika wonse wagwa chagada. Dalaivala anathamanga kukagulitsa sabata yomweyo, analuza, nabwera kudzatukwana ataima pakhomo. Mphunzitsi anati zinthu zikatchipa ndiye pogulira, anawonjezera ena, koma nkhope inayamba kumugwa. Telala anangoti, "Musandionetsenso foniyo. Chimene sindikuchiona sichindipweteka." Kalaliki wa ku banki uja anayamba kumetetsa kwina.

A Lumo akanatha kudikira ngati anzawo. Koma nthawi yomweyo akazi awo, amene ankangodandaula za m'mimba, anapezeka ndi chotupa. Dokotala anati pakufunika opaleshoni mwamsanga, ndipo chipatala chimene chikanatha kuchita msanga chinali cholipira.

Anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kupita ku ofesi yogulitsa masheya. Anapeza mzere wafika pamasitepe, anthu ali duu ngati pamaliro. Atafika pakauntala, mtsikana wa pamenepo analankhula mwaulemu koma mosawayang'ana.

"Talemba kuti mukugulitsa, bambo. Koma kuti zigulike pamafunika wogula, ndipo panopa aliyense akugulitsa."

"Ndiye ndalama zanga zili kuti, mwanawe?"

"Zili m'masheyamo, bambo."

"Nditsitse mtengo?"

"Onsewa atsitsa kale."

Kunyumba anapeza akazi awo atagona chammbali pamkeka, atakumbatira pilo pamimba.

"Mwabwera nazo, bambo a mwana?"

"Akuti mawa."

"Mawa lanulo lamera ndevu," anatero mayiwo, akuyesa kuseka, koma kusekako kunathera m'kubuula.

Madzi anafika m'khosi. Anagulitsa mpando umodzi, sizinakwane ngakhale zolipirira bedi. Anapita kwa mlamu wawo, amene anawalandira bwino, kuwapatsa madzi akumwa, n'kuwakumbutsa kuti anali atawachenjeza. Ku ofesi kuja anapitako mpaka mlonda wa pakhomo anayamba kuwapatsa moni ngati wantchito mnzake. Pometa, maganizo ankakhala kutali. Mwana wina anamudula mzere wokhota mpaka mayi ake anakana kulipira.

Ndiye tsiku lina masana kunalowa a Madala, nkhalamba yogontha pang'ono imene inagwira ntchito yolondera nyumba yosungiramo katundu moyo wake wonse. Analibe foni yoonera manambala aja, ndipo wailesi yawo inafa kalekale. Anakhala pampando, a Lumo n'kuwakulunga nsalu m'khosi.

"Mwana wanga," anayamba mokweza monga amachitira ogontha, "ndapuma ntchito. Andipatsa kandalama kanga kotsanzikira. Zija za simenti unkanenazi, ndikufuna ndigule nane, ndisamavutitse adzukulu."

Telala, amene anali pabenchi, anasiya kusoka batani limene anali nalo m'manja. M'chipindamo munangotsala kulira kwa makina. A Lumo anayang'ana nkhalambayo m'galasi: mutu wa imvi uli zyoli, makutu aakulu, khosi lowonda lodzaza makwinya. Anaganiza za akazi awo pamkeka paja.

"Pitani lero lomwe, a Madala," anatero. "Panopa zatchipa."

Silinali bodza, ndipo n'chimene chinkawawa kwambiri. Telala anaimirira n'kutuluka osatsanzika. A Lumo anatseka chipinda dzuwa likadali pamutu, anaperekeza nkhalambayo mpaka pakauntala paja, n'kuiwerengera mapepala mokweza chifukwa maso ake sankaona bwino. Mtsikana uja anawayang'ana nthawi imeneyi. Popeza a Lumo anali atatsitsa mtengo kuposa onse, masheya awo ndiwo anayamba kugulika.

Opaleshoni inachitika. Mayiwo anachira pang'onopang'ono, mpaka anayambanso kusesa pakhomo ndi kukalipira ana a anthu oba mapapaya. Sanafunse kuti wogula anachokera kuti.

Mtengo wa simenti unapitirira kutsika. Kampaniyo inachotsa antchito ambiri ndipo inasiya kugawa phindu. Mphunzitsi anagulitsa njinga yake. Telala mpaka lero amadutsa pakhomo la a Lumo nkhope ili kumbali. A Madala anabwerera ku ulonda. Amakhala pageti la sitolo ya zitsulo, pakampando kopanda chotsamira, miyendo itatupa.

Amabwerabe kudzameta mwezi ukatha. A Lumo anayesapo kukana ndalama yawo, koma nkhalambayo inakwiya, inati si wopemphetsa. Nthawi zonse akangokhala pansi amafunsa mokuwa, benchi yonse ikumva:

"Zakwera, mwana wanga?"

"Zikwera, a Madala."

"Aa, zikwera ndithu. Anthu ofulumira ndi amene amalira."

Ulendo wapitawu a Lumo anaphonya, makina n'kutema khutu la nkhalambayo. Magazi anatsikira pansalu. A Lumo anathamangira thonje ndi sipiriti, akupepesa mobwerezabwereza, misozi ili lengelenge, mpaka anthu a pabenchi anayang'anizana.

"Iwe, ndi khutu chabe," anatero a Madala akuseka. "Silimva n'kale lomwe. Maliza mbali inayi, ndikuchedwa kuntchito."