Mfuti Yomwe Ndinabweza

Anandipeza m'munda Lachiwiri m'mawa, sabata yoyamba yokolola. Apolisi awiri anaima m'mphepete mwa chimanga.

"Bambo, akukufunani ku Chileka. Ndi kankhani kochepa."

Inenso ndinali wapolisi kwa zaka zambiri ndisanapume n'kubwerera kwathu ku Lirangwe. Kankhani kochepa ndinkakadziwa. Ndinauza mayi akunyumba kuti andipatse jekete ndi mankhwala anga.

M'chipinda chomwe anandilowetsa munali mfuti patebulo. Ndinaizindikira ndisanakhale pansi. Thabwa lake lotsamira paphewa linali ndi mng'alu womwe unabwera nditagwa nayo pa mlatho mvula ikugwa. Ndinayenda nayo zaka zisanu ndi zitatu, ndikuipukuta m'mawa uliwonse, ndipo ndinaiombapo kawiri kokha, m'mwamba.

"Mukuidziwa?" anafunsa wofufuza, munthu wa msinkhu wa mwana wanga.

"Ndikuidziwa. Ndinaibweza tsiku lomwe ndinapuma ntchito."

"Yapezeka ndi akuba amene avulaza mwini golosale ku Mdeka. Munaibwereketsa kwa ndani?"

Ndinamuuza kuti amene anailandira anali wosunga mfuti wa nthawi imeneyo, mnzanga wakale, yemwenso anapuma ndipo amakhala ku Chigaru, kufupi ndi ku Mdeka komweko.

"Tawafunsa kale. Akuti sakukumbukira."

Pakhomo la selo, wolondera anati, "Madala, lamba ndi nsapato. Mukudziwa kale inu."

Lachinayi anandifunsa kwa nthawi yaitali, anthu atatu. Kuyambira tsiku limenelo khutu langa lakumanzere silimva bwino.

Loweruka masana mnzanga uja anabwera ndi nthochi komanso tiyi wa m'botolo. Anandiyang'ana pamphumi, osati m'maso.

"Achimwene, musamatchule anthu ambiri. Zoterezi zimatha zokha."

"Simukukumbukiradi kuti ndinakupatsani m'manja?"

"Mfuti zinali zambiri, achimwene. Takalamba."

Tiyi uja sindinamwe. Mwina ndinamulakwira, mpaka lero sindikudziwa.

Pa tsiku lachisanu ndi chinayi anandibwezera lamba ndi nsapato. Wofufuza anati, "Pitani, koma musamapite kutali." Sanandiuze chomwe chasintha, ndipo ine sindinafunse.

Ndinatsika minibasi pa Lirangwe dzuwa lili paliwombo. Palibe ankandilondera, koma ndinkaona aliyense wondipatsa moni ngati ali ndi zomwe wamva. Ufulu womwe ndinabwera nawo unali wotero: ndimapita komwe ndikufuna, koma ndimayamba ndaona amene ali kumbuyo kwanga.

Pamsika anandiitana bambo wina wogulitsa tomato. Ndinamukumbukira. Ndinamutsekerapo sabata ziwiri pa mlandu wa njinga, yomwe pambuyo pake inapezeka kwa munthu wina. Nthawi imeneyo sindinamupepese.

Anasankha tomato wabwino, n'kundiikira m'jumbo.

"Mwatuluka, bwana? Sabata yoyamba tulo sitibwera. Muzolowera."

Ndinalandira ndi manja awiri. Njira yonse yopita kunyumba ndinkadzifunsa ngati ankanditonthoza kapena kundikumbutsa.