Mphutsi za pa Mwendo wa Achimwene

Tinkayanika makaka pathanthwe m'mawa umenewo, kwathu ku Mozambique, kutsidya kwa Ruo. Ndinali mnyamata wosamera ndevu. Mfuti zinayambira kuchigayo. Nkhuku zinabalalika anthu tisanadziwe chimene chachitika.

Tinathawira kutchire asanu: bambo, amayi, atsibweni, achimwene a Zuze ndi ine. Bambo chipolopolo chinawalowa m'ntchafu. Achimwene chinawang'amba katumba wa mwendo.

Atsibweni anagwirapo ntchito yodulira tiyi ku Thyolo, ndipo mpeni wawo wopindika sunkawachoka m'chiuno. Ankauwotcha pamoto nkumadula mnofu wakuda pabala la bambo mpaka patuluke magazi ofiira. Ine ndinkakhalira miyendo. Amayi ankathira madzi amchere, nkuikapo papaya wosapsa wosinja, nkumanga ndi mpango wawo. Bambo ankaluma kamtengo. Mawa lake mnofu wakuda unkabwereranso, pamwamba pang'ono.

Mchere unali wochepa. Mpango unali umodzi. Bala la achimwene linangokhala poyera, ntchentche zikuterapo.

Machira analinso amodzi, a thumba ndi nsungwi. Ine kutsogolo, atsibweni kumbuyo, bambo pakati. Achimwene ankatitsata ndi ndodo, kenako chokwawa.

Tsiku lina masana amayi anaona mphutsi pabala la achimwene. Zinali zoyera, zikupiringizana. Atsibweni anayang'ana kamodzi, nkulavula.

"Uyu manda amuyamba kale," anatero.

Kwathu mphutsi tinkazidziwira pa mtembo basi. Palibe anatsutsa.

Tinawakhazika pansi pa mkuyu, mtsinje ukumveka. Amayi anawasiyira chipanda cha madzi ndi makaka ochepa. Achimwene sanalire. Anapempha mpeni. Atsibweni anakana, ati ukufunikabe kwa bambo.

Mwini bwato anatiwolotsa atalandira ndolo za amayi. Tinakwera phiri mpaka ku Thekerani. Lole ina inatitengera kuchipatala. Namwino atamasula mpango uja anatembenuza nkhope. Kuwola kunali kutafika m'chiuno. Anati mpeni unkadula pamwamba pokha, poizoni ali mkati. Bambo anamwalira mwendo asanaudule.

Titaika maliro, atsibweni anatipezera malo m'malayini a antchito pa esiteti ya tiyi. Amayi anayamba kuthyola tiyi. Dzina la achimwene silinkatchulidwa.

Mvula itayamba, tinamva kuti kuchipatala kuja kuli mnyamata wa kwathu. Anthu ena othawa anamutola pamkuyu paja nkumuwolotsa. Ndinapita ndi amayi.

Anali achimwene, ataonda ngati bango. Bala linali lofiira, losanunkha, litayamba kutsekeka m'mbali. Namwino yemwe uja anati mphutsi zija zinadya mnofu wakufa wokha, wamoyo nkuusiya. Iye anangozitsuka nkumanga bandeji. Anawonjezera kuti si mphutsi zonse zimatero, mnyamatayu anachita mwayi.

Amayi anagwada pambali pa bedi. Achimwene anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mwaswera bwanji, mayi inu?" anafunsa, monga amafunsira munthu wokumana naye panjira.

Anachira. Anagwira ntchito ya ulonda pafakitale, akutsimphina, mpaka kukalamba. Anamanga ku Makwasa. Adzukulu awo amabwera kwanga kudzadya nthochi, iwo ayi. Pamaliro a atsibweni sanabwere. Pamaliro a amayi anabwera, anakhala pabwalo ndi alendo, nkunyamuka anthu asanapite kumanda.

Bambo tinawanyamula, ali pansi kuno ku Thyolo. Achimwene tinawasiya, alipo mpaka lero. Tikakumana pamsika timapatsana moni.