Mlatho Wopanda Abale

Chaka chachiwiri cha matipate, Komiti Yokongoletsa Tauni ya pa Neno idalengeza kuti pakhoma la shedi yodikirira basi pajambulidwa chithunzi cha chitukuko. Chilengezocho chidawerengedwa pamsika ndi m'matchalitchi atatu. Chidatsindika kuti chithunzicho chisonyeza mlatho wa panjira ya ku Matandani, umene umalizidwa mvula isanagwe. Basi inkabwera ikafuna, choncho oonera chithunzi sakadasowa.

Ntchitoyo adaipereka kwa a Gerishon.

A Gerishon adayamba kujambula ndi makala pakhoma la kitchini ya mayi awo, nakwapulidwa kangapo. M'nthawi ya chipani chimodzi ankalemba zikwangwani za magolosale ndi kujambula mitu pamalo ometera, poti mutu wometa bwino sudamangitsepo munthu. Koma adatchuka ndi kujambula akufa. Kumidzi ya kumapiri anthu ambiri ankamwalira osaimapo patsogolo pa kamera, ndiye abale ankatsika kudzapempha nkhope ya malemu. A Gerishon ankawakhazika onse pabenchi, n'kumafunsa kuti adafanana ndi yani pati. Mphuno ankatenga kwa mchemwali, makutu kwa mwana woyamba, dazi kwa atsibweni.

Mayi Stelia, ogulitsa manachesi, ataona amuna awo atabwerera pa pulayiwudi adalira. Atapukuta misozi adati dzino lothoka lija akadangolikonza.

"Ndikalikonza akhala amuna a munthu wina, mayi," adatero a Gerishon.

Lamulo lawo lidali limenelo: sankajambula chinthu chimene sadachione, pokhapokha chikhale ndi m'bale wooneka. Ndipo khoma lija ankalifunadi. Zithunzi zawo zonse zinkathera pamwamba pa makabati m'nyumba zamdima. Aka kadali koyamba kuti dzina lawo liime poyera.

"Mlathowo uli pati ndikauone?" adafunsa wapampando wa komiti, a Ezekiele.

"Ukubwera."

"Nanga abale ake alipo kuno?"

"A Gerishon, uwu si mtembo ayi. Jambulani simenti, zitsulo, kagalimoto pamwamba, basi. Zikakukanikani tiitana Ackim."

Ackim ndi amene ankajambula mikango pamalo omwera mowa, mikango yooneka ngati agalu a kwa abusa.

A Gerishon adanyamula pensulo kupita kumtsinje. Adapezako mwala wa maziko umene komiti idaika nthawi ya kampeni, mbuzi ya mawanga itagona pamwamba. Adakhala pansi n'kumayang'ana anthu akuwoloka.

Tsiku lovundukula nsalu, pamsika padatsala agalu okha. Pakhoma padali mtsinje, mwala ndi mbuzi yake, Mayi Stelia ali m'madzi a m'mawondo dengu lili pamutu, ndi bambo wina wa jekete atapinda buluku, nsapato zili m'manja. Nkhope yake idayang'ana kumbali, koma makutu aja aliyense ankawadziwa.

"Eti si apampando awo?" adakuwa mayi wina, anthu n'kufa ndi phwete.

"Mlatho uli kuti?" adafunsa a Ezekiele.

"Ndajambula m'bale wake amene ndidampeza, bwana. Ndi mwalawo."

Komiti idakumana mwadzidzidzi, n'kupeza kuti chithunzicho sichikugwirizana ndi masomphenya a chitukuko. Idalamula kuti khoma lipakidwe laimu, Ackim adzajambule mlatho penti ikabwera. A Gerishon adaimirira pomwepo mpaka burashi idafika pa dzina lawo, kenako adabwerera ku benchi yawo, kumene banja lina la ku Matope linkadikira ndi mphuno zawo.

Penti sidabwere. M'malo mwake kudabwera mvula, ndipo laimu wa komiti adali wosungunula ndi madzi ambiri. Zidayamba kutuluka ndi nyanga za mbuzi. Sabata yotsatira lidatuluka dengu. Odikira basi adapeza chochita: kupikisana kulosera amene atuluke mawa. Makutu aja adaonekera pafupi ndi Khirisimasi, dzina la a Gerishon pambuyo pake, ndipo komiti sidathe kukumana chifukwa mamembala atatu adali kutsidya, madzi atadzaza.

Kumtsinje mwala uja ulipobe. Mbuzi adaigulitsa.