Bondo la adadi lavulalanso

Mwaswera bwanji nonse. Tili kuchipatala ku Markham, adadi avulalanso bondo lija.

Lero anzawo akuntchito anatitenga kukakwera sinomobilo, njinga yamoto yoyenda pachipale chofewa. Asanakwere, adadi anavula chomangira bondo chimene dokotala anawapatsa, n'kundisungitsa ine. Anati, "Undijambule bwino, Thoko. Agogo ako akachiona pachithunzi sagona, aziti ndapunduka."

Ndinawajambula akumwetulira. Pokhota, njingayo inapendekeka n'kuwapsinja mwendo. Sanakuwe, anangoti "mayo ine" chapansipansi, ine chomangiracho chili m'manja.

Dokotala akuti mwina achitidwanso opaleshoni, ndipo ntchito yawo yonyamula odwala aiiwale kaye. Ine ndikukhulupirira kuti ayendanso.

Amami akuti agogo asamve, koma agogowo amatiimbira pavidiyo Lamlungu lililonse. Azakhali, inu mumaudziwa mtima wawo. Tiwauze kapena tibise?