Amayi Anasunga Galasi, Mawu Anapita ku Thambani

Kompyuta ya bambo anga inagawidwa panayi tsiku limene tinameta maliro awo. Ine ndinali pomwepo, ndikuona ndi maso angawa, ndipo sindinatsegule pakamwa. Ndalakwitsa zambiri pa moyo wanga, koma ichi ndi chimene chimandipwetekabe mpaka lero.

Makolo anga anachokera ku Mozambique wapansi nthawi ya nkhondo, ine ndisanabadwe. Amayi anali ndi mwana kumsana, mtsikana wa miyezi isanu ndi itatu, mkulu wanga amene sindinamuonepo. Anamwalira m'njira ndi matenda otsegula m'mimba, kutatsala ulendo wa masiku awiri kuti afike m'malire. Anamuika mofulumira, bambo akukumba ndi khasu lobwereka, anthu ena akuwauza kuti achite changu. Amayi malowo sankawakumbukira. Ankati tsiku limenelo sanaone mtengo kapena phiri, ankangoona nsalu imene anamukulungamo.

Nkhondo itatha bambo anabwererako okha pa njinga. Anatha sabata yathunthu akufunsa m'midzi mpaka anapeza malowo. Anaunjikapo miyala, ndipo njira yonse anailemba m'kope. Kope limenelo chiswe chinadya chaka china cha mvula yambiri, ndipo bambo anakwiya ngati chiswecho chinachita dala. Ndiye pamene ofesi imene ankagwirako ntchito ya ukalaliki pa boma inkagulitsa katundu wotha ntchito, iwo anabwera kunyumba ndi kompyuta pa wilibala. Inali yakale ngakhale pa nthawi imeneyo, yotuwa, ndipo ikayaka inkalira ngati chigayo cha kutali.

"Chiswe chidye ichi tione," anatero akuiika patebulo.

Ankataipa ndi zala ziwiri, lilime lili panja. Zinawatengera masabata kuti alembenso njira yonse kuchokera m'mutu, kenako anajambula mapu ndi mausi, mizere yokhotakhota ngati wajambula ndi mwana wa sitandade wani. Amayi sadziwa kuwerenga, koma ankakoka mpando n'kukhala pambali pawo. Bambo ankawalozera kuti apa ndi pamtsinje, apa ndi pamene tinagona, apa ndi pamene pali mwana. Amayi ankagunda galasi ndi chala pamalo omalizawo, bambo n'kumadandaula kuti akudetsa sikirini.

Chaka chilichonse ankagwirizana kuti akakolola apita awiri kukasesa pamandapo. Poyamba ankaopa mabomba okwirira. Kenako inali sukulu yathu, kenako miyendo ya amayi. Ine nditayamba ntchito pa boma pomwepo, bambo anandipempha kangapo kuti ndikawasindikizire njirayo papepala. Makina awowo analibe pobaya fulashi, ndiye ndinkangoti ndiona, Loweruka. Bambo anagwa m'munda mwawo tsiku lina m'mawa, ndipo pofika madzulo tinali tikuyala mikeka ya anthu odzalira.

Kwathu, tsiku lometa, katundu wa malemu amayalidwa pabwalo, ndipo wachibale aliyense amene wabwera amayenera kutengako kanthu kowakumbukira nako. Kubweza munthu chimanjamanja ndi chipongwe. Abale anabwera ambiri, a mbali ino ndi a kutsidya kwa malire, koma katundu anali wochepa: njinga, wailesi, majekete awiri, makasu, nsapato. Abambo aakulu, amene ankagawa, anaona kuti zinthu zitha anthu asanathe. Atafika pa kompyuta anaiyang'ana, n'kuona kuti si chinthu chimodzi ayi, ndi zinayi. Anazula zingwe, n'kuika galasi pakepake, kiyibodi pakepake, mausi pakepake, chibokosi pakepake.

Amayi anakwawa ndi maondo kufika kutsogolo.

"Alamu, zonse tengani, ine sindikaniza. Koma galasilo mundisiyire. Muli mwana wanga mmenemo."

"Televizawuyo? Tengani, mlamu, ndi yanu," anayankha abambo aakulu, poyesa kuti ndi wailesi ya kanema.

Anthu anang'ung'udza pang'ono, poganiza kuti amayi asankha chamtengo. Kiyibodi inapita kwa msuweni wina amene ndi mphunzitsi, mausi anapatsa mayi wina amene anaitembenuza kawiri n'kuimanga pansonga ya chitenje. Chibokosi palibe amene ankachifuna. Chinagwera azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amene amakhala kupitirira Thambani.

Ine ndinkadziwa bwino lomwe kuti galasi lilibe kanthu. Ndinkadziwa kuti njira, mapu ndi zonse zili m'chibokosi chija. Mawu asanu okha akanakonza zinthu. Koma dzulo lake azakhali anali atanena pagulu kuti ine, wophunzira, wa ntchito ya pa boma, ndinalephera kuwatengera bambo ku Blantyre nthawi ilipo. Ndinawayankha mawu amene sindingawalembe pano. Ndine wa mtima wapachala, ndinatengera bambo omwewo. Kuti ndipemphe chibokosicho ndinayenera kugwada pamaso pa azakhali, anthu onse akuona, ndipo khosi langa linakana. Ndinadziuza kuti ndikachitenga mitima ikazizira. Ndinaona akuchimanga ndi malegeni kumbuyo kwa kabaza, ndipo ndinalowa m'nyumba kukatsuka mbale.

Amayi anaika galasi lija patebulo pomwe linkakhala, n'kuliphimba ndi kansalu koluka. Ankalipukuta m'mawa uliwonse. Adzukulu akaliyandikira ndi mpira ankawathamangitsa ndi tsache.

"Iwe, uyatse tione njira," ankandiuza. "Chaka chino tikakolola undiperekeze."

Ndinkati chingwe chinasowa pamaliro paja. Mwezi wina ndinkati magetsi akuvuta, angapsereze. Mwezi wina ndinkati wokonza wapita kwawo. Bodza likakhalitsa limavuta kulibweza, ndipo ndinkachita manyazi kuwauza kuti chinthu chimene akhala akupukuta ndi galasi chabe, komanso kuti ndinkadziwa kuyambira tsiku loyamba. Zinatha choncho zaka zinayi. Ku Thambani si kutali. Anthu amapita m'mawa kukagula mbuzi n'kubwerako dzuwa lisanalowe.

Chaka chachinayicho amayi anayamba kuthira mchere kawiri m'ndiwo. Tinkaseka. Kenako anayamba kundiitana dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinawapeza pakhonde atavala nsapato, ndipo anandifunsa kuti bambo ako aweruka nthawi yanji lero. Apo m'pamene mantha anandigwira. Loweruka lotsatira ndinakwera pikapu ya ku Thambani, kenako kabaza.

Ndinali nditakonzekera nkhondo, mawu onse nditawasanja m'mutu. Azakhali anandiona ndikutsika, anaponya lichero pansi n'kudzandikumbatira. Anandipatsa thobwa, anandifunsa za ana, anandinena kuti ndanenepa. Nditatchula za chibokosi anaseka.

"Chimenechi? Mwana wa achimwene, bwenzi utabwera kalekale. Ine ndimangoikapo ndowa ya madzi."

Chinalidi kukhitchini, ndowa ili pamwamba, mbali imodzi chitachita dzimbiri. Za mawu a pamaliro sanatchule n'komwe. Zonse zinatha pasanathe ola limodzi, ndipo pobwerera ndinachigwira pamiyendo njira yonse ndikudzitukwana.

Moyandikana ndi nyumba yanga munkakhala mayi wina wa ku Kasungu, amene anatumizidwa kuno kudzagwira ntchito yoyang'anira makompyuta. Anachitsegula pakhonde pake ndi sikuludiraiva. Munatuluka mphemvu zosawerengeka, ndipo iye anangoti pepani asisi, zam'katimu zinawola, iyi siidzayakanso. Koma anachotsamo kachitsulo kolemera, kokula ngati buledi wodula pakati, n'kukapukuta ndi nsalu. Anati iyi ndi disiki, ndipo ngati madzi sanalowe, zolemba za bambo zikadalimo.

Disikiyo inali ya mano akalekale, yosalowa m'makina a masiku ano. Tinadikira sabata kuti chingwe chake chibwere pa minibasi kuchokera ku Blantyre. Chitafika, disiki inalira pang'ono n'kuyamba kuzungulira. Mayiyo sanafune kutsegula kalikonse. Anati choyamba akopere disiki yonse mmene ilili, chifukwa nkhalamba ngati imeneyi ikhoza kuzungulira lero lokha. Kukoperako kunatha masana onse.

Mafayilo tinawapeza, koma titatsegula panangotuluka timabokosi ndi zilembo zosamveka.

"Musadandaule, asisi," anatero. "Fayilo imeneyi imangomvera pulogalamu imene bambo ankalembera, ndipo pulogalamuyo imangoyenda m'kompyuta ya mtundu wawo uja. Ndiye tiinamiza. Pali pulogalamu ina, timaitcha emuleta, imene ichititse laputopu yangayi kudziyesa kompyuta yakale ija. Disiki yokoperayi izingoona ngati ili kwawo."

Sindinamvetse zonse, koma ndinamva kuti pali chiyembekezo. Anayesa masana atatu akaweruka. Kawiri konse panangobwera mdima ndi mizere yoyera. Tsiku lachitatu anagogoda pakhomo panga, laputopu ili m'manja.

Pakati pa sikirini yake panali kawindo, ndipo m'kawindomo munali kompyuta ya bambo. Mtundu wobiriwira womwe uja, tizithunzi titasanjidwa kumanzere monga ankakondera, ngakhale masewera a makhadi amene ankakana kuti sasewera. Mayina a mafayilo anali m'zilembo zazikuluzikulu, chifukwa bambo sankadziwa kuzimitsa batani lake. KALATA YA KU OFESI. MANKHWALA A MBUZI. NJIRA YA KWA MWANA. Ndinakhala pansi pamkeka ndi kulira, mnzangayo n'kutuluka panja kuti andipatse mpata.

Zonse zinalimo. Mtsinje woyamba uwoloke pamene pali miyala yosalala. Mudzi wachiwiri ufunse banja la osula makasu. Usatsate msewu watsopano, tsata njira ya ng'ombe mpaka pa mlambe wong'ambika, ndipo uwerenge mapazi makumi anayi kulowera kotulukira dzuwa. Pansi pake panali mapu okhotakhota aja, ndi dzina la mkulu wanga. Mnzanga anasindikiza mapepala asanu, anaika kompyuta yonseyo pa fulashi ziwiri, n'kundiphunzitsa kuiyatsa ndekha. Anati tsopano singathenso, ngakhale laputopu yake itabedwa.

Ndinabwereka laputopuyo tsiku lomwelo n'kupita nayo kwa amayi. Ndinawapeza pakhonde akusenda nandolo, mtsikana wowasamalira ali kumsika. Anandilonjera mwaulemu, ndi manja awiri, monga amalonjerera alendo a ku tchalitchi.

"Amayi, ndayatsa. Njira ija ndi iyi."

Ndinaika laputopu pampando patsogolo pawo. Anaiyang'ana, kenako anayang'ana ine. Ndinayamba kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, ndikuloza ndi chala: mtsinje, osula makasu, mlambe. Ankagwedeza mutu, manja akusendabe. Nditafika pa dzina ndinalitchula kawiri. Ndinadikira.

"Ndi mwana wa ndani ameneyo?" anafunsa.

Ndinati ndi mwana wa mayi wina amene anathawa nkhondo.

"Anali wamng'ono?"

"Wa miyezi isanu ndi itatu."

Anasiya nandolo, n'kupukusa mutu nthawi yaitali. Chisoni chawo chinali chenicheni, koma chinali chisoni chomvera munthu wina.

"Nanga mayi akewo anapitako kukaona pamene anagona?"

"Ayi, sanapiteko."

"Chifukwa chiyani?"

"Amene anayenera kuwaperekeza anachedwa."

Anandigwira dzanja, zala zawo zili zobiriwira ndi makoko.

"Muwaperekeze inuyo, mayi. Zoterezi munthu sapita yekha."

Ndinavomera kuti ndiwaperekeza, ndipo iwo anabwerera ku nandolo wawo.